Mzere wa Pakhosi

Telala anali atasoka zovala za anthu zaka makumi awiri ndi mphambu, ndipo pa zonse zimene ntchitoyo inamuphunzitsa, chimodzi sankachikayika n'komwe: munthu salemba mzere pansalu asanatsimikize kuti adula. Choko chikadutsa, sizasi imatsatira. Ndiye m'mawa umenewo, ataona dokotala akusolola cholembera chakuda m'thumba la malaya, chonenepa ngati chija amalembera pa makatoni, n'kuyamba kulemba pakhosi pa mwamuna wake, maso ake sanachokenso pa cholemberacho.

Mzerewo unayambira kunsi kwa khutu, unatsika motsatira m'mphepete mwa pamene panafiira, unakhota cha m'munsi mwa khosi, n'kukwera mpaka pachibwano. Pambali pake dokotalayo analembapo nthawi.

"Adokotala, munthu mukumulemba ngati katundu bwanji?"

"Ndikuuzani, amayi. Tabweretsani kaye dzanja lanu."

Mwamuna wa Telala anali kalipentala, munthu wa mphamvu zake, wosadziwa kudandaula. Masabata awiri m'mbuyomo dzino la kumapeto, la m'munsi, linayamba kumuwawa. Iye ankangogula timapiritsi pagolosale, akumati dzino ndi mlendo, likakhuta limapita lokha. Kenako kunsi kwa nsagwada kunatupa. Kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi kwawo anamupatsa mapiritsi ena, koma pofika tsiku lachitatu anali atasiya kumeza ngakhale malovu, ndipo mawu ankatuluka ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Chimene chinamuopsa Telala koposa sikunali kutupako, chifukwa sikunali kwakukulu kwenikweni. Inali misozi. Munthu amene anadzikhomapo msomali pachala n'kumaliza kaye mpando asanakachite chilichonse, ankalira ngati mwana ukangomukhudza khosi. Tsopano anali pabedi la m'chipatala chachikulu, thupi lili moto, diripi ili pamkono, akubwebweta za matabwa amene sanafike.

Dokotalayo anali wamfupi, wa nsapato za mphira, wolankhula mofulumira ngati basi ikumusiya. Anatenga zala za Telala n'kuzikanikiza pang'ono pambali pa khosi la wodwalayo. Pansi pa khungu panamveka kuti tswatswa, ngati munthu waponda masamba ouma. Telala anabweza dzanja msanga.

"Umenewo ndi mpweya," anatero dokotala. "Pamenepo sipayenera kukhala mpweya. Tizilombo tachoka m'dzino lovunda lija, tatsika m'khosi. Sitikuyenda pamwamba ayi, tikuyenda pansi pa khungu, ndipo pamene tadutsa mnofu ukufa. Chithunzi chimene tawajambula chija chaonetsa zomwezo. Shuga wawo ndi wokwera kwambiri, ndiye tizilomboto tapeza podyera. Mankhwala tayamba kale, ali m'diripimu, koma mankhwala amayenda ndi magazi, ndipo mu mnofu wakufa magazi safikamo. Tiyenera kutsegula khosili lero, panopa, tichotse zonse zakufa, tizule ndi dzinolo. Tiboolanso pammero tiikepo kapaipi kopumira, chifukwa kutupaku kukutseka njira ya mpweya. Zikatsikira m'chifuwa, amayi, nkhani yake ndi ina."

"Nanga mzerewu?"

"Ndi woti tione liwiro lake. Kufiiraku kukaudumpha, tidziwa kuti zikuthamanga. Bambowa mutu sukugwira, sangathe kusaina okha. Pepala ili likufuna dzanja lanu."

Telala analandira pepalalo koma cholembera sanachigwire. Mawu a dokotalayo anali omveka, inde, koma omveka mopitirira, ngati a munthu wogulitsa nsalu amene wayamba kuyamikira katundu usanafunse mtengo. Ndipo mzere anali atalemba asanapemphe chilolezo. Kumbuyo kwake kunaima anthu asanu ovala zoyera, ophunzira udokotala, akusuzumira pakhosipo ndi maso owala. Mmodzi ananong'oneza mnzake kuti, "Zoterezi siziwoneka kawirikawiri." Telala anamva.

"Ndidikira achemwali awo," anatero. "Ali m'njira."

Dokotala anayang'ana wotchi ya pakhoma. "Chipinda cha opaleshoni akuchikonza. Ndibweranso posachedwa. Musachedwe, amayi."

Mlamu wake wa Telala, mlongo wake wa kalipentalayo, analowa m'wodimo ndi chikwama kukhwapa, akupuma mwawefuwefu. Anali mayi wamkulu thupi, mawu akenso aakulu, amene chikwatire Telala m'banjamo sanasiye kumuyang'ana ngati kasitomala amene akufufuza ulusi wolendewera. Anaima pa bedi, anaona mzere, anamva nkhani yonse, n'kuomba m'manja kamodzi.

"Dzino! Dzino lenilenili, n'kumudula munthu khosi? Alamu, mwamvapo kuti zimenezi? Ine anandizula awiri, ndinabwerera wapansi."

"Akuti mnofu ukufa mkati."

"Akuti. Inu mwauona mnofuwo? Taonani khunguli, langofiira basi. Ndiponso shuga, achimwene anadwalapo liti shuga? Kwathu kulibe za shuga." Anatsitsa mawu, koma mawu ake akatsika ndi pamene ankafika pa mawu a anthu ena onse. "Ana ovala zoyera ndakumana nawo pakhomo aja, mukuganiza kuti amaphunzirira pa chiyani? Pa maungu?"

Mayi wina amene ankadikirira wodwala wake pa bedi loyandikana anaseka, n'kudzibisa kukamwa ndi mpango.

"Ndikuuzeni pamaso, alamu, kuti mawa musadzati sindinanene. Mukasaina inu, achimwene n'kutsalira patebulopo, abale sadzafunsa dokotala. Adzafunsa kuti dzanja linali la ndani."

Zimenezo Telala ankazidziwa kale. Ankadziwanso kuti akapanda kusaina, munthu n'kufera pabedi, funso lidzakhala lomwelo, longotembenuzidwa.

Dokotala atabwerera, anawerama pakhosipo n'kuwakodola onse awiri. Kufiira kuja kunali kutadumpha mzere cha m'munsi, kulowera kuchifuwa, ndipo kunsi kwa nsagwada khungu linali litayamba kuda ngati biringanya, ndi timatuza tiwiri. Anasololanso cholembera chija n'kulemba mzere wachiwiri kunja kwa woyamba.

"Mwaona? Sipanathe ola."

"Taona kuti mwalembanso," anatero mlamu uja. "Ine sindinalipo polemba woyambawo. Ndidziwa bwanji kuti simunaulembe dala mkati mwa kufiirako? Kapena ndi inki yanuyo ikumuwotcha khungu?"

Dokotalayo anatembenukira kwa Telala. "Amayi, inu munalipo."

Analipodi. Koma atafufuza m'mutu mwake, anapeza kuti nthawi ija maso ake anali pa cholembera, osati pa khungu. Sakanalumbira kuti mzere woyamba unadutsa m'mphepete mwenimweni. Ndipo iye mwini, pa ntchito yake, kangati anasunthapo choko pang'ono kasitomala atayang'ana kumbali, kuti nsalu yoperewera ioneke yokwana?

"Tipatseni kanthawi," anatero.

"Kanthawi kameneko tikulipira ndi mnofu wa bambowa," anayankha dokotala. Sanakweze mawu. Anaitanidwa ku bedi lina ndipo anapita, nsapato zake zikulira kwichikwichi pa simenti.

Telala anatsegula chikwama chake. Pansi pa sopo ndi mpango panali tepi yake yoyezera, yachikasu, yofufutika manambala a kumapeto, imene sinkachoka m'chikwamamo ngakhale popita ku maliro. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mizere ya dokotala anaisiya kukhala ya dokotala. Iye anafuna malo amene sasuntha, ndipo telala aliyense amawadziwa: kadzenje ka m'munsi mwa mmero, pamene mafupa awiri amakumana, poyambira kuyeza kutalika kwa malaya. Anaika nsonga ya tepi pamenepo mosamala, osakanikiza, n'kuyeza chopingasa mpaka pamene kufiira kunathera. Panali inchi imodzi ndi theka ya khungu labwinobwino. Anayeza kawiri. Anabwereka cholembera kwa mayi woseka uja n'kulemba nambalayo pachikhatho chake, ndi nthawi ya pa wotchi ya pakhoma.

"Mukufuna kumusokera suti ya m'bokosi?" anafunsa mlamu.

"Khalani uko, alamu, mbali iyo. Aliyense asamukhudze. Ngakhale inuyo."

Anakhala pamenepo ngati alonda awiri osakhulupirirana. Nesi anabwera kudzasintha botolo la diripi, Telala anaimirira n'kumutsatira ndi maso kuyambira pa botolo mpaka pa singano, kuti dzanja lisapatukire kukhosi.

"Amayi, mukundiyang'ana ngati ndakuberani nkhuku," anatero nesiyo.

"Gwirani ntchito yanu, anesi. Maso saluma."

Wodwalayo anatsegula maso, anamuyang'ana mkazi wake osamuzindikira bwino, n'kunena kuti wina atseke chitseko cha shopu, mvula ilowa. Kupuma kwake kunali kutayamba kulira ngati sowo yobuntha. Malovu ankatsika pambali pa kamwa, Telala n'kumawapukuta ndi mpango. Ankafuna kudikira theka la ola lathunthu, kuti pasakhale wonena kuti anayeza mothamanga. Koma muvi wautali wa wotchi utangoyenda mphindi makumi awiri ndi zisanu, kupuma kuja kunamukanika kumvetsera. Anaikanso tepi pa kadzenje kaja.

Inchi imodzi.

Anayezanso, akudziuza kuti mwina tepi yapendekeka. Inchi imodzi, mwinanso kuchepera. Palibe dokotala anafikapo, palibe inki inadutsapo. Panali iye, mlamu wake ndi wotchi basi.

"Alamu, bwerani muwerenge nokha."

"Ine za matepi sindizidziwa."

"Manambala mumawadziwa. Werengani apa, muwerengenso pachikhatho pangapa."

Mlamuyo anawerenga, kenako anati, "Munthu akagona khungu limakokeka."

Telala anatenga pepala lija, analitsamiritsa pa kabati ka pambali pa bedi n'kusaina dzina lake lonse, chilembo chimodzichimodzi, kuti pasadzakhale wofunsa kuti dzanja linali la ndani. Kenako anathamanga m'wodimo akuitana, "Adokotala! Adokotala!" mpaka odwala ena anadzutsa mitu.

Kalipentalayo anamutulutsa m'chipinda cha opaleshoni dzuwa litapendeka. Anamugoneka m'chipinda cha odwala kwambiri, momwe munali makina olira mosalekeza, ndipo ankalola munthu mmodzi yekha kulowa, atasamba m'manja ndi kuvala chovala cha pepala. Pammero panali kapaipi. Khosi lonse linali lokutidwa ndi mabandeji okhuthala. Dokotala ananena kuti anapeza mafinya amadzimadzi, otuwa ngati madzi otsukira mbale, ndi mnofu umene unkangolekana ndi chala popanda mpeni. Anachotsa mpaka pamene anapeza mnofu wotuluka magazi. Dzino linazulidwa.

"Mwasoka bwino?" anafunsa Telala.

"Sitinasoke."

Telala anaganiza kuti sanamve. "Mwati bwanji?"

"Balalo talisiya lotsegula. Taikamo nsalu zoyera zonyowa. Mawa tidzaliyang'ananso."

M'mawa mwake nesi anamupeza Telala pa benchi ya pakhonde ali ndi mlamu wake, n'kumupatsira pepala lina, lofanana ndi ladzulo. Bambo aja ankayenera kubwereranso ku opaleshoni masana.

"Ehee!" anatero mlamu, ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika. "Sindinanene? Dzulo anaphunzira theka la kalasi, lero akubwera otsalawo. Inu alamu ndinu telala. Munthu amene akudziwa ntchito yake amasiya chovala chosasoka n'kupita kunyumba? Anaona kuti alakwitsa, ndiye akufuna akakonze mwakachetechete. Ine ndaimbira kale achimwene aakulu. Akuti musasainenso kanthu mpaka afike."

"Afika liti?"

"Mawa madzulo."

Mawuwo anamulowa Telala pamalo ofewa, chifukwa iyenso anali atawaganiza. Kushopu kwake, chovala chodula koma chosasoka chinkatanthauza zinthu ziwiri: kapena wadula molakwika ndipo ukuopa kuuza mwini wake, kapena wataya mtima kuti mwini wakeyo sabweranso. Kodi anamusiya chotsegula chifukwa anaona kuti kusoka n'kutaya ulusi? Tepi yake sikanamuthandiza lero. Zonse zinali pansi pa mabandeji.

Anamudikirira dokotala pakhomo pa chipindacho, pepala lili m'manja.

"Adokotala, dzulo munati mwachotsa zonse zakufa."

"Zimene zinali zitafa dzulo."

"Kapena munaiwalamo kanthu?"

"Sitinaiwalemo kanthu, amayi. Matendawa amatero. Pali mnofu umene dzulo unali pakati, sunafe koma sunalinso bwino. Ukauchotsa wonse, mwina wachotsa wamoyo. Ndiye timausiya tsiku limodzi kuti udziulule wokha. Ena timabwerera nawo katatu, kanayi."

"Nanga dzulo simunandiuze bwanji kuti mudzabwereranso?"

Dokotalayo anakanda pachipumi. "Ndinanena kuti tidzaliyang'ananso. Ndinayenera kunena momveka kuposa pamenepo. Pepani."

Kupepesako sikunamukhazike mtima Telala. Munthu wopepesa msanga nthawi zina amakhala akutchinga china chachikulu.

"Sindisaina chimene sindinaone," anatero. "Nditsegulireni ndione."

"Amayi, si zoona ndi maso wamba. Anthu amakomoka."

"Ndikakomoka, ndili kale m'chipatala."

Nesi anaseka. Dokotala sanaseke, koma anauza nesiyo kuti amupatse Telala chophimba kukamwa, ndipo aime kumbuyo kwake. Wodwalayo anali atamupatsa mankhwala ogonetsa. Anamasula mabandeji a pamwamba, n'kukweza pang'ono nsalu za mkati, mbali ya m'munsi yokha.

Fungo ndi limene linayamba kumufika. Kenako anaona. Anagwira chitsulo cha bedi n'kukakamiza maso kuti asathawe. Khosi limene analiyeza kambirimbiri posoka makolala linali lotseguka ngati jekete yotembenuzidwa. Mbali yaikulu inali yofiira, yonyowa, ndipo pamene nsalu inamatuka panatuluka timadontho ta magazi.

"Akutuluka magazi," ananong'ona.

"Pamenepo ndiye pabwino. Potuluka magazi ndi pamoyo. Tsopano onani apa."

M'mphepete mwa m'munsi, moyang'ana kuchifuwa, munali kachigawo kotalika ngati chala, kotuwa ngati phulusa lonyowa. Dokotala anakakhudza ndi kachitsulo. Sikanatuluke kanthu. Kanangonyenyeka.

Telala anali atazionapo zimenezo, ngakhale osati pa munthu. Anthu ankabwera ndi mathalauza amene anakhalitsa m'sutikesi yonyowa, akuti angowasokera pamene pang'ambika. Ukasoka pansalu yofumbwa, ulusi umagwira tsiku limodzi, kenako umang'amba pokulirapo kuposa poyamba. Ankawauza kuti ayambe wadula mpaka pamene nsalu ikukana sizasi, chigamba chibwere pambuyo. Ambiri ankachoka akunyinyirika kuti akufuna kuwawonongera chovala.

"Dzulo apa panali potani?" anafunsa.

"Pofiirira. Pankatuluka magazi pang'ono."

Zimenezo Telala sakanatha kuzitsimikiza. Mwina dokotalayo ankanena zoona, mwina anapaphonya dzulo ndipo sakufuna kuvomera. Telala anaona kuti sadzadziwa, ndipo anaonanso kuti kwa mwamuna wake zinali chimodzimodzi. Kachigawo kotuwako kanalipo, analikuona ndi maso ake, ndipo kanali kufupi ndi chifuwa. Achimwene aakulu anali kutali ndi tsiku limodzi ndi theka.

Anasainira pakhoma, pepala litatsamira pa simenti. Pomupatsa dokotala, sanalisiye msanga.

"Mukatuluka mudzandiuze zonse, zabwino ndi zoipa. Musadzandisankhire."

"Ndidzatero."

"Ndipo ophunzira anu aja aziona ndi maso. Mpeni ugwiridwe ndi inu."

"Ndi mmene zinalilinso dzulo, amayi."

"Dzulo sindinalimo."

Pa benchi ija mlamu wake anali atamva kale kwa nesi. Anasuntha n'kukakhala kumapeto kwenikweni, chikwama chake n'kuchiika pakati pawo. Anaimba foni, n'kulankhula mokweza kuti, "Asainanso. Ee, okha. Ine ndinawaletsa." Telala anangoyang'ana chitseko chimene anamulowetsa mwamuna wake. Anthu ankadutsa ndi mabeseni, wokolopa anawauza kuti akweze miyendo, n'kubweranso kudzawauza kachiwiri. Dzuwa linachoka pa zenera lina n'kupita pa lina. Palibe mmodzi mwa awiriwo amene anapita kukafuna chakudya, aliyense poopa kuti mnzake angamve nkhani yekha.

Dokotala anatuluka chipewa cha pepala chili m'manja, pachipumi pali mkwingwirima wa lamba wake. Anaima pakati pawo kuti onse amve.

"Tachotsa kaja munakaona, ndi kena kumbuyo kwake, kokulirapo. Kanali katatsala pang'ono kulowa kuseri kwa fupa la pachifuwa. M'chifuwamo simunalowe kanthu, tayang'ana bwino. Thupi layamba kuzizira, shuga akutsika. Sindikunena kuti tawoloka. Mkucha tidzatsegulanso, ndipo mwina ndidzakupatsaninso pepala. Balalo likadzayera lonse, tidzatenga khungu pantchafu n'kuphimba. Ndi nkhani ya masabata."

"Akanadikira mawa madzulo?" anafunsa Telala.

Dokotala anayang'ana mlamu uja, n'kuyang'ananso Telala. "Sindikuganiza kuti bwenzi tikulankhula chonchi."

"Atero kumene," anang'ung'udza mlamu, dokotalayo atapita. "Ndani angadzinenere yekha zoipa?"

Telala anasamba m'manja, anavala chovala cha pepala chija n'kulowa. Mwamuna wake anali mtulo. Mpweya unkalowa ndi kutuluka pa kapaipi kaja mwakachetechete. Anamugwira pachipumi. Panali thukuta, koma moto uja unali utachepa. Anaviika kansalu m'madzi n'kumunyowetsa milomo, imene inali itang'ambikang'ambika, ndipo milomoyo inagwedezeka kufuna madziwo.

Atatuluka anapeza mlamu wake ataima pachitseko penipeni, chikwama atachikumbatira pachifuwa, maso ali ofiira.

"Ali bwanji achimwene? Akupuma?"

Telala anavula chovala cha pepala chija, anapempha nesi china chatsopano n'kumupatsira.

"Sambani m'manja mulowe, alamu. Zonena ine simungazikhulupirire."